Mwana wa mlongo wanga wapeza mwamuna wa ku Ghana: mayi ake ndi a Asante, bambo ake ndi a Ewe. Ndikambirane ndi ndani, nanga ana adzakhala a yani?

Atsibweni a ku Kawale

Nkhaniyi ndakhala nayo masabata awiri, tulo sindikuliona bwino, ndiye ndati ndiibweretse pano poti mutu umodzi susenza denga.

Ndimakhala ku Kawale koma kwathu ndi ku Nathenje. Ndinapuma pantchito ya uphunzitsi zaka zinayi zapitazo. Amuna m'banja mwathu tinabadwa awiri, mkulu wanga anatisiya, choncho mbumba yonse ili m'manja mwanga. Mwana wachiwiri wa mlongo wanga ndi namwino. Bambo ake atamwalira ndinamutenga ine, fizi yake kuyambira Fomu 1 inkachoka m'thumba mwanga, ndipo sindimusiyanitsa ndi ana anga obereka ndekha.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi anatulukira kunyumba ndi mnyamata. Ulemu ali nawo, zimenezo sindingabise. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anati "muli bwanji atsibweni" ngakhale lilime linkamulemera, nsima ya nkhwani wotendera anadya ndi manja osapempha supuni. Wakhala kuno zaka zitatu, amagwira ntchito za ulimi ku bungwe lina lomwe ofesi yake ili ku City Centre. Nditamufunsa kwawo anati ku Ghana. Ndinati zimenezo ndamva kale, ndikufunsa mudzi, mfumu ndi mtundu. Anayamba wakhala chete, kenaka anati anabadwira ku Kumasi, mayi ake ndi a Asante, bambo ake ndi a Ewe ochokera kufupi ndi Keta, ndipo sukulu anaphunzira ku Accra. Anawonjeza kuti mbali zonse ziwiri zimati iye ndi wawo.

Za Ghana zomwe ndinkaphunzitsa ana ndi zakuti analandira ufulu pa 6 Malichi 1957 motsogozedwa ndi Kwame Nkrumah, komanso kuti Kamuzu ankagwira ntchito ya udokotala ku Kumasi asanabwerere kuno mu 1958. Za mitundu ya anthu a kumeneko sindinaphunzitsepo, ndipo m'mutu mwanga Mghana anali Mghana basi.

Anawa akufuna chinkhoswe chichitike mvula isanagwe. Ine ngati nkhoswe ndikhala pansi ndi ndani, bambo ake kapena atsibweni ake? Kwawoko amapereka chiongo chaching'ono ngati ife kapena amalowola ndi chuma chambiri? Koma chomwe chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ana. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Sindikufuna kuti tsiku lina zinthu zikadzavuta, adzukulu a mlongo wanga adzatsekeredwe kutsidya, ife tikungowaona pa foni. Amene munakhalako ku Ghana, ndithandizeni.

Nachisale wa ku Area 47

Atsibweni, mtima pansi pang'ono. Ine ndinakhala ku Kumasi zaka ziwiri ndikuchita maphunziro pa yunivesite ya KNUST, ndipo ndinkachita lendi m'nyumba ya banja la Asante, mpanda umodzi ndi agogo aakazi, ana awo aakazi atatu ndi adzukulu osawerengeka. Sabata yoyamba yomwe ndinaona ngati ndafika kwa agogo anga ku Dedza.

Asante ndi nthambi imodzi ya mtundu waukulu wotchedwa Akan. Pa kalembera wa 2021 dziko la Ghana linali ndi anthu pafupifupi 30.8 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 46 anali a Akan. M'gululi mulinso a Fante a m'mbali mwa nyanja ku Cape Coast, a Akyem, a Akuapem, a Kwahu, a Bono ndi ena. Ambiri amayankhula Twi, ndipo Mfante ndi Muasante amamvana ngati mmene wa ku Kasungu amamvanirana ndi wa ku Chipata. A Ewe, kwa bambo a mnyamatayo, ndi pafupifupi 13 mwa 100, ndipo chinenero chawo n'china kotheratu.

Anthu a Akan amatsata kuchikazi ngati ife. Amati mwana amatenga magazi, mogya, kwa mayi ake, ndipo banja la kuchikazilo amalitcha abusua. Atsibweni amawatcha wofa. Kale munda wa koko wa munthu ukatsala, wolowa chuma anali m'bale wake kapena mwana wa mlongo wake, osati mwana wake womubereka. Ufumunso umayenda choncho. Mfumu yawo yaikulu, Otumfuo Osei Tutu II, yemwe amakhala ku Manhyia mu Kumasi momwemo, analowa ufumu mu 1999, ndipo amene anamutchula dzina anali mayi ake omubereka, omwe pa nthawiyo anali Asantehemaa, mayi wa ufumu. Mpando wa mayi ameneyu ndi wolemera kwambiri. Nditaumva ndinakumbukira za Nyangu, mayi wa ufumu wa Kalonga. Ngakhale nkhondo yawo yomaliza ndi Angerezi mu 1900, yolimbirana mpando wagolide womwe amati umasunga mzimu wa mtundu wonse, anaitsogolera ndi mayi, Yaa Asantewaa wa ku Ejisu. Anamugwira n'kumupititsa ku Seychelles komwe anakamwalirira mu 1921.

Koma musafulumire kunena kuti ndi Achewa enieni, pali posiyana. Chikamwini kulibe. Mwamuna sapita kukamanga kwa mkazi. Mwa chikale, mkazi ankatha kukhalabe kwa amayi ake, mwamunanso kwa amayi ake, ndipo madzulo mumaona ana atasenza mbale za chakudya kupita nazo kwa bambo awo. M'nyumba momwe ndinkakhalamo mwana wamkazi mmodzi wa agogowo ankachitabe zimenezi, ndinaziona ndi maso anga. Chinanso, bambo sali ngati tambala wongobwereka. Amakhulupirira kuti mwana amatenga mzimu wa khalidwe, ntoro, kwa bambo ake. Dzina amapereka ndi bambo, pa tsiku lachisanu ndi chitatu mwana atabadwa, ndipo kupezera mwana wamwamuna mkazi ndi udindo wa bambo. Choncho pa funso lanu loyamba, mbali zonse ziwiri zikugwirizana: otsogolera pobwera kwa inu adzakhala a kwa bambo ake. Koma wofa wake asasowepo. Mukamuiwala ameneyo mwaiwala mayi a mnyamatayo ndi mtundu wawo wonse.

Ife timati kufunsira mbeta, iwo amati kugogoda pakhomo, kokooko. Amabwera ndi mabotolo a mowa wotchedwa schnapps ndi kandalama, n'kunena chomwe adzera. A kuchikazi sayankha tsiku lomwelo. Amayamba afufuza banjalo, kenaka amapereka mndandanda wa zofunika: nsalu za mkwatibwi, mphete, Baibulo ngati ndi Akhristu, kangachepe ka mayi ndi bambo, kandalama ka alongo a mkwatibwi komwe amakatcha akonta sikan, ndi chakumwa chomanga ukwati, tiri nsa. Ng'ombe palibe. Ndipo popeza mkazi ndi wanu, mwambo wotsatidwa ndi wanu. Iwo eni amadziwa kuti mkazi amakatengedwa mwa mwambo wa kwawo kwa mkaziyo.

Tsono za ana. Mwa mwambo wa Asante, ana a mwana wanuyo ndi anu, chifukwa abusua imachokera kwa mayi ndipo mayiyo ndi Mchewa wa ku Nathenje. Agogo awo a ku Kumasi adzawakonda, adzawapatsa mayina a masiku, wobadwa Lachisanu Kofi kapena Afua, wobadwa Loweruka Kwame kapena Ama, koma sadzawawerengera m'magazi awo. Komwe muyenera kutchera khutu ndi ku Keta. A Ewe amatsata kuchimuna. N'chifukwa chake mnyamatayo anati mbali zonse zimamufuna: kwa mayi ake ndi wawo chifukwa cha mayi, kwa bambo ake ndi wawo chifukwa cha bambo. Zikanakhala kuti mayi ndi a Ewe, bambo ndi a Asante, bwenzi mbali iliyonse ikuloza inzake.

Wa kabaza wakale, Area 23

Akuluakulu, zonsezi n'zabwino, koma funso loyamba ndi lakuti kodi kwawoko alibe mkazi? Munthu wa zaka zopitirira 30, wantchito yabwino, n'kukhala yekha? Sindikunena kuti ndi wabodza, ndipo sindikunena chifukwa ndi mlendo, ngakhale wa ku Mchesi pomwepa timafufuza. Ukwati wa mwambo ndi ukwati ndithu ngakhale palibe pepala. Musavomere kuti anzake a kuntchito aimire makolo ake. Makolo enieni muwaone, kaya pa foni ya kanema, ndipo m'busa wa mpingo wake kwawoko alembe kalata. Safunsa anadya phula.

Che Ndalama za Mtedza

Zomwe alemba mayi Nachisale ndi zoona, koma ndi Ghana wa kumwera. Ine ndinagwira ntchito miyezi 14 ku Tamale, kumpoto, pa ntchito ya mbewu za mtedza ndi soya, ndipo kumeneko ndi dziko lina. Ndikulemba kuti atsibweni adziwe kukula kwa dziko lomwe akukwatitsako mwana, poti banja likakhazikika ku Ghana silidzakhala pakati pa Asante ndi Ewe okha.

Gulu lachiwiri kukula ndi Mole-Dagbani, pafupifupi 18 kapena 19 mwa 100. Mmenemo muli a Dagomba, omwe mfumu yawo Ya Naa imakhala ku Yendi, a Mamprusi omwe Nayiri wawo amakhala ku Nalerigu, a Nanumba, a Dagaaba, a Frafra, a Kusasi. Kumwera mfumu imakhala pa mpando wosema, kumpoto imakhala pa zikopa, ndipo polonga ufumu amati amukhazika pa chikopa. Asilamu ndi ambiri ku Tamale, mzikiti uli paliponse ngati kwathu ku Mangochi. Chakudya chawo, tuo zaafi, ndi nsima ndithu koma yofewerapo, pomwe ku Kumasi amasinja chinangwa ndi nthochi zophika mu mtondo n'kupanga fufu. Ku Accra eni nthaka ndi a Ga, ndipo iwo pamodzi ndi a Dangme ndi 7 mwa 100 okha ngakhale likulu lili pa malo awo. Chaka chilichonse asanachite mwambo wa Homowo, wokuwiza njala, amaletsa ng'oma ndi phokoso kwa pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo matchalitchi ena amakangana nawo pa chifukwa chimenechi.

Anthu amaitama Ghana kuti ndi dziko la mtendere, ndipo poyerekeza ndi maiko ena a kumeneko n'zoona, koma mabala alipo. Mu 1994 kunabuka nkhondo pakati pa a Konkomba ndi a Nanumba, a Dagomba ndi a Gonja. Amati inayambira pamsika kufupi ndi Bimbilla, anthu awiri atakangana pa mtengo wa nkhanga, koma nkhanga inali poyambira chabe. Gwero linali malo ndi ufumu: a Konkomba ankalima pa nthaka yomwe mafumu a mitundu inayo ankati ndi yawo, ndipo analibe mfumu yaikulu yovomerezeka. Anthu oposa 1,000 anafa, midzi yambiri inapsa. Dalaivala yemwe ndinkayenda naye anali mwana pa nthawiyo, ndipo tikamadutsa malo ena ankangotsitsa wailesi n'kukhala chete. Mu 2002 Ya Naa Yakubu Andani II anaphedwa ku Yendi pa mkangano wa mabanja awiri a ufumu umodzi, Abudu ndi Andani. Mpando unakhala wopanda mwini mpaka 2019, ndipo amene anatsogolera mafumu oyanjanitsa anali mfumu ya Asante yomwe yatchulidwa pamwambapa. Mfumu ya kumwera, ya chinenero china, kukazimitsa moto kumpoto. Chimenechi ndinachisirira.

Pa ndale, atsibweni, muzindikire kuti mnyamata wanuyo anakulira pakati pa misasa iwiri. Chigawo cha Ashanti chimavotera kwambiri chipani cha NPP, chigawo cha Volta, kwa a Ewe, chimavotera kwambiri NDC. Jerry Rawlings, pulezidenti wakale wa chipani cha NDC, mayi ake anali a Ewe a ku Keta komweko, pomwe John Kufuor, pulezidenti wakale wa chipani cha NPP, ndi Muasante. Zimafanana ndi mmene mapu athu amaonekera zotsatira za chisankho zikatuluka. Komabe utsogoleri wazungulira ndithu: Nkrumah anali wa Nzema, Hilla Limann wa Sissala kumpoto kwenikweni, Atta Mills Mfante, Akufo-Addo wa Akyem, John Mahama wa Gonja. Malamulo awo a 1992 amaletsa chipani chokhazikika pa mtundu, ndipo amaletsa mafumu kulowa ndale za zipani. Chomwe ndinaona kuti chimasakaniza anthu kwambiri ndi sukulu zogonera komweko ndi chaka chotumikira dziko akamaliza koleji, pomwe wa ku Keta amatha kutumizidwa ku Bolgatanga. Mwina makolo a mnyamatayo anakumana mwa njira yotere. Mudzawafunse, nkhani zotere zimamasula anthu pa bwalo.

Za a Ewe ndiwonjezepo pang'ono. Ali ku Ghana ndi ku Togo, malire anawadula pakati ngati mmene anatidulira Achewa ndi Zambia ndi Mozambique. A ku Keta ndi a nthambi ya Anlo, asodzi a m'nyanja ndi m'thamanda. Chaka ndi chaka amachita mwambo wa Hogbetsotso kukumbukira mmene makolo awo anathawira mu mpanda wa Notsie, kwa mfumu yankhanza Agokoli, akuyenda chambuyo kuti mapazi asokoneze owalondola. Kwa iwo mwana ndi wa bambo, dzina, malo ndi manda omwe. Pamenepo ndiye mukambirane momveka.

Mayi a mapasa, Area 25

Atsibweni, ine za Ghana ndilibe nazo mawu, koma zomwe mukuopazo ndinadutsamo konkuno. Ndine Mchewa wa ku Dowa, amuna anga anali Atumbuka a ku Rumphi. Pokwatirana, a kwathu anakana malowolo, anati ife sitigulitsa mwana, analandira chiongo chokha. A kuchimuna anavomera mosavuta, aliyense anasangalala, tinavina. Palibe anafunsa kuti kukana ng'ombezo kukutanthauza chiyani pa ana. A kwathu ankaganiza kuti ndiye kuti ana ndi athu. A ku Rumphi ankaganiza kuti mwana ndi wa bambo basi, ng'ombe kaya zaperekedwa kaya ayi.

Zinadzaululika patapita zaka 16, amuna anga atamwalira. Maliro asanaikidwe n'komwe, alamu anga anati mapasa atsale ku Rumphi. Atsibweni anga anaimirira n'kunena kuti mbumba yawo sisiyidwa kwa eni. Anawo anali ndi zaka 12, ankamva zonse ali pakhonde, ndipo mpaka lero mmodzi safuna kupita kwa agogo ake. Palibe anali woipa pa anthu onsewo. Aliyense ankatsata chomwe anabadwiramo. Chinatipulumutsa n'chakuti malemuwo anasiya wilo, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pa tsiku lokumana ankhoswe, nkhani ya ana, ya komwe banja lidzakhale, ndi ya komwe aliyense adzaikidwe, muikambe poyera ngakhale ikuoneka ngati yoitana tsoka. Anthu adzati n'zosayenera pa tsiku la chimwemwe. Ikambeni basi. Ukwati akaulembetsenso kuboma, ndipo ana akadzabadwa adzakhale ndi mapepala a maiko onse awiri ngati n'kotheka. Komanso mwana wanuyo mumufunse yekha, mnyamatayo palibe, kuti iye akufuna chiyani. Ine palibe anandifunsa.

Nachisale wa ku Area 47

Mayi a mapasa anena chenicheni, pepani ndi zomwe munakumana nazo. Ku Ghana nakonso anaona mavuto omwewa, amasiye akuthamangitsidwa m'nyumba ndi abale a mwamuna, ndipo mu 1985 anakhazikitsa lamulo lomwe anthu amangolitcha PNDC Law 111, lopatsa mkazi ndi ana nyumba, katundu wa m'nyumba ndi gawo lalikulu la chuma ngati munthu wamwalira osasiya wilo. Koma maliro ndi nkhani ina. Kwa a Akan mwini maliro ndi abusua, si mkazi kapena ana. Thupi limatha kusungidwa kuchipatala masabata kapena miyezi podikira kuti abale onse asonkhane, mwambo umachitika Loweruka, anthu atavala nsalu zofiira ndi zakuda. Kwa ife ozolowera kuika mawa lake zimadabwitsa, ndipo mwana wanuyo adziwiretu.

A ku Area 23 asadandaule, kufufuza banja ndi mwambo wawonso, sadzakhumudwa. Mwina iwo ayamba kale kufunsa za inu. Kanthu kamodzi kakang'ono, atsibweni: popereka moni kwa gulu amayambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, ndipo musapereke kapena kulandira kanthu ndi dzanja lamanzere.

Atsibweni a ku Kawale

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri, ndipo zina ndawawerengera mlongo wanga pa foni. Atamva kuti mayi a mnyamatayo ndi a mtundu wotsata kuchikazi anati ndiye tidzamvana, koma ndawauza kuti asathamange, kuli a ku Keta.

Mayi a mapasa, mawu anu omaliza aja andilasa. Dzulo madzulo ndinamuitana mwanayo yekha, tinakhala pakhonde mpaka magetsi anabwera. Ndinali ndisanamufunsepo. Akuti agwirizana kukhala kuno zaka zisanu, ali ndi maganizo ogula puloti cha ku Area 49, koma akudziwa kuti tsiku lina adzapita ku Ghana ndipo iye sakuopa. Akuti ana akufuna adzayankhule Chichewa ndi chinenero cha bambo awo, adzadziwe ku Nathenje ndi ku Keta komwe. Ndinamufunsa kuti nanga zikadzavuta? Anati n'chifukwa chake akufuna ine ndikhale nkhoswe, osati wina. Ndinalephera kuyankha kwa kanthawi.

Mnyamatayo ndamuuza kuti anzake a kuntchito abwere kudzadya nawo, koma pa mphasa ya ankhoswe sakhalapo. Sanatsutse. Akuti bambo ake aang'ono ndi wofa wake, mlongo wa mayi ake, ndi omwe adzabwere, adzera ku Addis Ababa, ndipo kalata ya kumpingo aitumiza. Loweruka likudzali tiyankhulana nawo koyamba pa WhatsApp, 4 koloko madzulo kuno, kwawoko ikakhala 2 koloko. Ndalemba zinthu zitatu za mayi a mapasa zija papepala, ndiyamba ndi ya ana. Tambala ndi thadzi ndamufotokozera, khasu ndi nkhwangwa akagula yekha mumsika wa ku Area 2, ndipo anafunsa ngati angabweretsenso nsalu ya kwawo yotchedwa kente yoti apatse mlongo wanga. Ndavomera.

Chatsala chimodzi, mayi Nachisale. Ine ndine mkulu wa mpingo, mowa sulowa pakhomo panga. Akabwera ndi mabotolo a schnapps aja pogogoda, ndingawapemphe kuti asinthe ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi kapena ndalama popanda kuwanyoza? Kapena ndiwalandirire kwa msuweni wanga ku Biwi, komwe botolo lingalandiridwe? Ndikufuna ndidziwe lisanafike Loweruka.